Mphiri m'Ndowa ya Mayi Mukhuna

Mayi Idah Mukhuna anaipeza Lachiwiri m'mawa, dzuwa la Okutobala lisanayambe kuluma. Ankasosa kamunda kawo ka kuseri kwa nyumba ku Chilomoni, kuunjika mapesi ndi zinyalala kuti mvula ikamadzagwa mizere idzakhale itaungidwa kale. Patsinde pa mtengo wa mapeyala panali lata ladzimbiri limene linagona pamenepo zaka zambiri, mpaka udzu unamera m'mabowo a misomali. Analikola ndi khasu n'kulitembenuza.

Pansi pake panali mphiri.

Inali yaifupi koma yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, mutu wake wophwatalala, mawanga ake osasiyana ndi masamba ouma amene inagonapo. Sinathawe. Inangodzikunga pang'ono, n'kufufuma, kenaka n'kutulutsa mpweya, fuuu, ngati tayala la njinga likabayidwa ndi minga.

A Idah anabwerera chafutambuyo, khasu lili m'manja. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma chimene chinatuluka linali dzina.

"Bambo a Clara!"

Mawuwo atapita ndi mphepo ndi pamene anakumbukira kuti bambo a Clara anali atagona kumanda zaka zitatu.

A Laurenti Mukhuna, malemu amuna awowo, anali kalipentala. Ankakhoma zitseko, mipando ndi makabati mu shedi ya pambali pa nyumba. Koma m'Chilomoni wa masiku amenewo, ukafunsa kwa a Mukhuna akalipentala anthu ankayamba akanda kaye m'mutu. Ukati kwa a Mukhuna a njoka, aliyense ankakulozera njira. Anakulira ku Mulanje, kumene bambo awo anakhazikika atawoloka kuchokera ku Mozambiki n'kuyamba ntchito yolambula tchire m'minda ya tiyi. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kusiyanitsa njoka: iyi ndi yaululu, iyi imangoopseza, iyi ukaisiya imakuthera makoswe. Anali ndi ndodo yaitali yamphanda kunsonga ndi thumba la chiguduli. Njoka ikalowa pakhomo pa munthu, iwo ankasiya sowo pa thabwa n'kupita kukaitenga yamoyo.

Pamene anapeza malo amenewa mu 1983, kumtunda kwa nyumba yawo kunali thengo lokhalokha mpaka kuphiri la Michiru. Apusi ankatsika kudzaba chimanga dzuwa likuswa mtengo. Kamtsinje ka m'deralo kanali ndi madzi chaka chonse, ndipo amayi ankachapa pamiyala uku akukamba nkhani mpaka zovala kuuma. Njoka ndiye zinali zosayamba: m'nkhuni, m'khola la nkhuku, pa mpanda wa bafa.

Yoyamba a Idah anakumana nayo asanathe ngakhale theka la chaka m'banja. Anapisa dzanja m'dengu la makala n'kugwira chinthu chozizira, choterera. Kukuwa kwawo kunamveka mpaka kumsewu. A Laurenti anabwera utuchi uli mbuu m'tsitsi, anasuzumira m'dengumo, n'kumwetulira.

"Iyi ndi yodya makoswe, Idah. Ilibe mlandu ndi munthu."

"Ipheni!"

"Ndiiphe yalakwanji?"

Anaitenga n'kukaisiya kuseri kwa nkhokwe ngati akusamutsa mwanapiye. Tsiku lomwelo a Idah anamanga zovala m'chitenje n'kuuyamba wapansi wa ku Zingwangwa kwa mkulu wawo. Posanzika ananena mawu amodzi okha: amuna awo asankhe, mkazi kapena chinjoka chawocho. Patapita masiku atatu a Laurenti anatulukira ku Zingwangwa atavala jekete yobwereka, yothina m'mapewa, atanyamula kampando ka mbawa kamene anakhoma masiku atatuwo. Anakhala pansi, anapereka moni kwa alamu awo mwaulemu wonse, kenaka n'kunena nkhope ili gwa:

"Mlendo uja ndamusamutsa, alamu. Ndakamusiya ku Michiru. Sanasanzike n'komwe."

A Idah, amene ankamvetsera kuseri kwa chitseko atakonzeka kukwiya, anangopezeka aseka. Anabwerera kwawo madzulo omwewo, kampando kali pamutu. Kuyambira pamenepo njoka iliyonse inkapita kuphiri. Limenelo ndilo linali pangano lawo, ndipo a Laurenti sanaliswepo.

"Amake Clara, kwagwanji?"

Anali a Hajara, mayi oyandikana nawo nyumba, atakwera pa njerwa n'kusuzumira pamwamba pa fensi. Maso awo atatsata kumene a Idah ankayang'ana, anakuwa kukuwa kumene a Idah analephera kuja.

"Njokaa! Njoka kuno!"

Sipanathe mphindi zisanu, anthu anali atadzaza pageti. Kamunda ka a Idah ndi kokhako kamene kanatsala m'laini yonseyo. Ena onse anamanga nyumba za lendi mpaka kumalire, pansi n'kuthira simenti. Ambiri mwa amene analowa anali anthu ochita lendi, obadwa dzulodzuloli, oti njoka amangoiona pa foni. Ena anatola zidutswa za njerwa. Mayi wina anathamangira kukatenga madzi otentha, wina ankaitanitsa palafini. Mafoni anali m'mwamba. Kenaka anthu anapatuka kupereka njira kwa Fletcher, bambo wa mapewa aakulu amene amawotcherera zitsulo kumsewu, atagwira chitsulo chachitali.

"Tapatukani, mayi. Kamodzi kokha basi, nkhani yatha."

A Idah anayang'ana chitsulocho, n'kuyang'ananso mphiri ija. Inali pomwe paja, itadzikunga, lilime lokha likutuluka ndi kulowa.

Khamu lotere analionapo kambirimbiri, koma nthawi zonse ali pawindo, katani atatsegula pang'ono, akunamizira kuti sakuonerera. Zaka zimenezo sizinali zokoma zokhazokha. Kunali anthu amene ankati munthu wosapha njoka ndiye kuti amaziweta, ndipo woweta njoka aliyense akudziwa chimene ali. Chaka china ogula mandasi amene a Idah ankagulitsa anachepa mwadzidzidzi. Kutchalitchi, benchi imene a Idah ankakhala inkachedwa kudzaza. Anawadandaulira amuna awo misozi ili m'maso kuti asiye zimenezi, iwo n'kungoti, "Asiye alankhule, Idah. Akadzaipeza pansi pa bedi, dzina langa adzalikumbuka."

Zinaterodi. Mayi amene ankatsogolera mphekesera zija ndi amene anabwera akuthamanga, mpango uli m'manja, kuti mamba yalowa m'chipinda mmene mwagona khanda. A Laurenti anapita. Khanda analitulutsira pawindo, mamba anaiika m'thumba, koma isanalowe inawalavulira m'maso. Anabwera kunyumba anthu atawagwira mkono, maso ali psuu, misozi ili chuchuchu. A Idah anawakhazika pakhonde n'kuyamba kuwathira madzi m'maso, kapu ndi kapu, ndowa ikatha n'kutunga ina, uku akuwakalipira kuyambira kapu yoyamba mpaka yomaliza.

"Mukachita khungu adzakutsogolereni ndani? Ine ayi! Zikakutsogolereni njoka zanuzo!"

"Inali ndi mantha, Idah," anatero a Laurenti, madzi akuyenderera m'ndevu. "Anthu onse aja akukuwa pakhomo, iwe ukanatani?"

Maso anachira patapita sabata. Mandasi anayambanso kutha isanakwane naini koloko, ndipo mayi uja anabwera ndi mbale ya nandolo, osatchula chilichonse cha m'mbuyomo.

Fletcher anakweza chitsulo.

"Musaiphe."

Mawuwo anatuluka pansipansi, moti a Idah eniake anadabwa kuti ndi awo. Anabwereza mokweza. "Ndati musaiphe, a Fletcher. Pano ndi pakhomo panga."

Fletcher anatsitsa chitsulo pang'ono. "Mayi, mukuidziwa imeneyi? Ndi mphiri iyi. Ikakulumani mwendo umawola."

"Mphiri ndaziona zambiri kuposa inu."

"Amake Clara," anatero a Hajara, amene tsopano anali atazungulira kudzera pageti, "adzukulu anga amadzatola mapeyala pomwepa. Ndiye ikhale?"

"Sindinati ikhale. Ichoka."

"Aichotse ndani?"

"Ineyo."

Wina anaseka kumbuyo. A Idah sanatembenuke. Anauza Fletcher kuti aime pomwepo aziiyang'anira, asaiyandikire, pasapezeke woiponyera kanthu. Iwo anapita ku shedi.

Chimwalirireni a Laurenti, shedi ija ankangoitsegula pofuna khasu kapena chikwanje. Munkanunkhirabe utuchi ndi guluu. Ndodo yamphanda inali pamwamba pa mapaso pomwe mwiniwake anaisiya, akangaude atayalapo ulusi wawo. Zaka zonse za m'banja a Idah sanaigwirepo ndodo imeneyi. Sankalola n'komwe kuti ilowe m'nyumba. Ataitsitsa anapeza kuti pogwirira pake ndi posalala, pakuda, pokumbika pang'ono mmene munkakhala zala. Dzanja lawo linali laling'ono, silinadzaze malowo.

Thumba la chiguduli linali litadyedwa ndi makoswe. Ndiye analowa m'khitchini, anakhuthulira ufa m'beseni, n'kutulutsa ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivindikiro. Chivindikirocho anapatsa a Hajara.

"Tenthetsani msomali pa mbaula, muboole timabowo tinayi. Ting'onoting'ono."

A Hajara anapukusa mutu, koma chivindikiro anatenga.

A Idah anaponya masamba ouma m'ndowa, anaigoneka cham'mbali, n'kuikankha ndi khasu pang'onopang'ono mpaka kukamwa kwake kunayang'anizana ndi mphiri. Zonsezi palibe anawaphunzitsa. Anangoziona pawindo paja, ndipo mawu amene amuna awo ankauza anthu oonerera anali adakali m'khutu: kuti mphiri imachita ulesi poyenda koma osati poluma, kuti sifuna kufulumizidwa, kuti ukaiikira malo amdima imalowa yokha.

Anagwira ndodo ndi manja awiri n'kukhudza kumchira.

Thwa! Mphiri inatembenuka n'kumenya ndodo mwaliwiro loti diso silinaone. Anthu anangoti balala. Mayi wa madzi otentha uja anataya poto, wina anagwera m'chinangwa, ndipo Fletcher anapezeka ali pageti, chitsulo atachisiya m'mbuyo. A Idah okha ndi amene sanasunthe, osati chifukwa cholimba mtima, koma miyendo inali itakana. Anamva kugunda kuja kukuyenda m'ndodo mpaka m'mapewa. Pa mphanda panatsala timadontho tiwiri tachikasu.

"Pepa," ananong'ona. "Ndakudzidzimutsa. Tiye, lowa. Kuno kulibenso malo ako."

Anadikira. Thukuta linkatsikira m'khosi. Anakhudzanso, ulendo uno mofatsa, chapakati. Mphiri inafufuma, inapuma, kenaka inayamba kuyenda mowongoka ngati mbozi yaikulu, osapindapinda ngati njoka zina. Mutu unalowa m'ndowa. Thupi linatsatira, pang'ono ndi pang'ono, mpaka kamchira kakafupi kanazimirira m'masamba. A Idah anakola chogwirira cha ndowa ndi khasu n'kuiimika. Analandira chivindikiro chija kwa a Hajara, anachitsetsereza ndi ndodo, anachidina mpaka chinati khwa, kenaka n'kumanga ndowa yonse ndi mphira ya chubu, mopingasa, kawiri.

Ndiye a Hajara anaimba nthungululu, anthu n'kuwombera m'manja. A Idah anakhala pansi pomwepo, padothi.

Unatsala ulendo. A Laurenti ankapita ku Michiru wapansi, thumba lili kunsonga kwa ndodo. Koma a Idah anali ndi zaka 63 ndi mawondo olira. Anamwa madzi, anavala nsapato zotseka, n'kupita pa siteji ya akabaza, ndowa m'dzanja ili, ndodo m'dzanja linalo. Nkhani inali itawatsogolera kale. Akabaza atangowaona, ena analiza njinga n'kuchoka opanda wokwera, ena anabisala kuseri kwa okala. Anatsala mmodzi, bambo wa imvi m'ndevu, dzina lake Yusuph.

"A Mukhuna aja anali amuna anu, eti?"

"Eya."

"Anatichotsera njoka ya nalikukuti mu mtengo wa gwafa kwa mayi anga, kalekale. Mayi anafuna kuwapatsa nkhuku, anakana. Anangothyola magwafa awiri." Anapukuta mpando wa njinga ndi chipewa. "Kwerani. Koma mayi, chonde, ndowayo isandikhudze kumsana. Ndipo chivindikiro chikangogwedezeka mundiuze msanga. Ine ndidumpha njinga ikuyenda, inu muona nokha chochita."

Anamangirira ndodo m'mbali mwa njinga, a Idah n'kukhazika ndowa pantchafu, chakumbali. Anakwera mtunda ndi msewu wafumbi. Panali patatha zaka zambiri asanafike kumtunda kumeneku, ndipo ankangotembenuza mutu uku ndi uku. Pamene panali thengo la apusi panali chigayo, matchalitchi atatu oyandikana, shopu ya mafoni, ndi mipanda ya njerwa yokhala ndi mabotolo osweka pamwamba. Anawoloka kamtsinje kaja. Munalibe madzi, munali mchenga ndi majumbo. Mwala waukulu umene ankachapirapo unalipobe, wina atalembapo ndi penti nambala ya foni ya wokumba zitsime.

Kumene msewu unathera, Yusuph anaimika njinga pakhomo pa munthu wina n'kupempha kuti amuyang'anirire. A Idah anamuuza kuti awadikire pomwepo, koma iye anakana.

"Ndikusiyeni nokha m'phiri? Ndodo ndinyamula ine. Koma ndowayo ayi, mundikhululukire."

A Idah anapinda chitenje kupanga nkhata, n'kusenza ndowa pamutu ngati akuchokera kumjigo. Inali yolemera kuposa mmene ankaganizira. Nthawi ndi nthawi kulemerako kunkasuntha, kuchoka mbali iyi kupita mbali inayo, ndipo ankamva khungu lake likukhula pulasitiki pamwamba penipeni pa mutu wawo.

Malo ake ankawadziwa ndi makutu okha. A Laurenti akabwerako ankafotokoza uku akusamba m'manja: ukadutsa mitengo ya masuku umapeza mwala waukulu wong'ambika pakati, pambali pake mkuyu, pansi pake madzi akudontha. Ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi mawu amodzimodzi. "Tsiku lina tiye ukaone, Idah. Blantyre yense amaoneka ngati ali m'mbale." Iwo ankayankha kuti kumene kwatayidwa njoka zonse za m'Chilomoni sangapondeko ngakhale atawakoka ndi chingwe.

Mitengo ya masuku sanaipeze. Anapeza zitsa ndi maenje akuda owotcheramo makala. Dzuwa linali litakwera, mthunzi woti n'kupumirapo panalibe. Mwala wong'ambika uja anauonera patali. Atafika, mkuyu panalibe, madzi panalibe. Panali phulusa ndi zitini. A Idah anaima, ndowa ili pamutu, osadziwa chochita.

"Pano ikhala tsiku limodzi, mawa aipha," anatero Yusuph. Analoza ndi ndodo chakumtunda. "Kuseri uko kuli khwawa, mitengo ikadalipo. Anthu amaopa kutsetsereka kwake. Mungafike?"

"Ndafika pano, ndilephere apo?"

Zinawatengera pafupifupi ola lina, akupuma kawiri panjira. Koma khwawalo linalipodi, lobiriwira, lozizira, mitengo itagwirana pamwamba, mbalame zikulira mmene zinkalirira kuseri kwa nyumba yawo kale. Pansi panali miyala ndi masamba ambirimbiri. A Idah anatula ndowa, anamasula mphira, anaigoneka moyang'ana kumunsi, n'kukankha chivindikiro ndi ndodo ataima kumbuyo. Yusuph anali atakwera kale pamwala.

Poyamba sipanachitike kanthu. Kenaka mutu uja unasuzumira, lilime likulawa mphepo. Mphiri inatuluka mosafulumira, ngati munthu wotsika basi pa siteji imene sakuidziwa. Inayenda pang'ono n'kuima pakati pa masamba. A Idah ankaiyang'ana osaphethira, koma anangozindikira kuti sakuionanso. Sinathawe, sinalowe kuuna. Inali pomwepo, koma maso ankangoona masamba okhaokha.

Pobwerera anapumira pa mwala wong'ambika uja. Anakwera mbali yake yotsika, anakhala, n'kutembenuka.

Tauni yonse inali kunsi kwawo. Chilomoni, malata ake akung'anima. Nyumba zazitali za m'tauni. Phiri la Ndirande, la Soche kutali uko, zonse zili mu utsi wa chilimwe. Anafufuza ndi maso mpaka anapeza kadontho kobiriwira pakati pa malata, kamene mwina kanali mtengo wawo wa mapeyala, mwina ayi. Ndiye apa ndi pamene ankakhala munthu uja, thumba lopanda kanthu lili pamwendo, akuyang'ana kunyumba kumene mkazi wake ankamudikira atatupa masaya. A Laurenti anawaitana kangati kuti adzaone? Akanatha kubwera Loweruka lina lililonse pa zaka zonse zija, mawondo adakali abwino, masuku adakalipo.

Misozi inabwera yokha, ndipo sanailetse. Yusuph anatembenukira kumbali n'kuyamba kuchotsa chisoso pa thalauza lake, kamodzikamodzi, mpaka a Idah anamina ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti tiyeni.

Anafika kunyumba cha m'ma thiri koloko, mapazi atatupa. Anasamba, anatereka nyemba pa mbaula, n'kukhala pakhonde miyendo ili m'beseni la madzi amchere. Ndi pamene foni inalira. Anali Clara, mwana wawo woyamba, amene amagwira ntchito ku Lilongwe.

"Amayi! Kodi mwatani inu? Vidiyo yanu ili ponseponse pa gulu la anthu a ku Chilomoni! Ndaionera katatu. Ikanakulumani bwanji?"

"Sinandilume."

"Ndiye mwakaisiya kuti?"

"Ku Michiru. Kumtunda kwa mwala wong'ambika."

Kenaka Clara anafunsa ndi mawu ena, ofewa. "Mkuyu uja ulipo?"

A Idah anatulutsa phazi limodzi m'beseni. "Iwe mkuyu ukuudziwa bwanji?"

Clara anaseka, kuseka kwa mwana wogwidwa ndi shuga m'manja, ngakhale anali mayi wa ana atatu. "Mukukumbuka masiku aja ababa ankanditenga Loweruka kuti tikukasankha matabwa ku Ndirande?"

"Clara!"

"Matabwa ake anali amenewo, amayi. Ndinapitako maulendo ambiri. Anandilumbiritsa kuti ndisadzakuuzeni."

"Mwana wa sitandade fili! Kumuyendetsa ndi njoka m'thumba! Ine ndili phee kuno, n'kumakuvundikirirani chakudya, kumati anthu atopa ndi matabwa!"

"Ine ndinkayenda kutsogolo, thumba kumbuyo. Pobwerera ndi pamene ankandipatsa kuti ndinyamule, titathiramo masuku. Tinkadya onse panjira kuti musadziwe. Tsiku lina ndinadwala nawo m'mimba, inu n'kumati ndi madzi a kusukulu."

A Idah anafuna kukalipa, koma womukalipira panalibe. Anabwezera phazi m'madzi n'kutsamira khoma.

"Tandiuza," anatero. "Munkadzera njira iti? Ankakamba zotani?"

Ndipo Clara anayamba. Anafotokoza mmene bambo ake ankaimbira nyimbo za Chilomwe panjira, mawu ali kwina nyimbo ili kwina. Mmene ankavulira nsapato powoloka kamtsinje n'kuzikoleka m'khosi. Mmene tsiku lina anathamangitsidwira ndi njuchi, munthu wosaopa mamba, mpaka kutaya chipewa chatsopano chimene anadzanama kunyumba kuti awabera mu minibasi. A Idah anachikumbuka chipewa chimenecho. Ndi iwo amene anawagulira, pa Khirisimasi. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kufunsa zina, ndi zinanso.

Anadzazindikira ndi fungo kuti nyemba zapserera. A Hajara anakuwa kuseri kwa fensi kuti amake Clara, poto akupsa uko. A Idah anayankha kuti amva, koma foni sanaichotse kukhutu.